Mbawa ya Bambo ndi Tcheni Cholakwika

Bambo anga anali aatali. Polowa m'tchalitchi chathu cha kufupi ndi Nsaru ankachita kuwerama pakhomo, ndipo ana a sukulu amene anawaphunzitsa zaka zambiri ankawapatsa mayina a mitengo iwo akangotembenuka. Atapuma uphunzitsi anakhala mkulu wa mpingo, kotero maliro ambiri a m'dera lathu ankayendetsa ndi iwo. Kumaliroko ndi kumene anaona chinthu chimene chinkawasowetsa mtendere. Mabokosi ogula pamsika amakhomedwa pa muyeso umodzi, ndiye munthu wamtali akamwalira, akuluakulu osambitsa mtembo amatseka chitseko n'kumupinda mawondo kuti akwanemo. Bambo anaziona zimenezi kangapo, ndipo tsiku lotero ankafika kunyumba n'kukana chakudya.

M'mphepete mwa dimba lathu munali mbawa imene anabzala okha ali mnyamata. Chaka china mvula ya mphepo ya mu Januwale inaizula, n'kuigoneka chopingasa pa mzere wa nthochi. M'mawa mwake anandiitana ine, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amenenso ndinali ndi makina ochekera matabwa.

"Mtengo uwu ndi bokosi langa," anatero. "Ucheke matabwa aatali bwino, aume. Sindikufuna kudzapindidwa miyendo ngati nkhuku ya m'poto."

Ndinaseka n'kunena kuti ndamva, koma sindinacheke. Anandikumbutsa titakolola, anandikumbutsanso chaka chinacho atayamba kutupa mapazi. Ine yankho linali limodzi, loti ndikuona kaye ntchito za anthu.

Chifukwa chenicheni ndichinena mosabisa, ngakhale chimandichititsa manyazi. Kwathu munthu ukagula makina, kaya chigayo kaya ochekera matabwa, n'kufolera nyumba ndi malata, anthu amayamba kukuyang'anira abale. Wina akamwalira amati wapita kumakina, mwini wake anakhwimira. Ine anali atandinena kale pamene mwana wa mchemwali wanga anamwalira ndi malungo. Ndiye andionenso ndikucheka bokosi la bambo anga, eni ake akuyenda, akuthirira mpiru wawo? Ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa mawu a bambo. Zaka ziwiri chipika chija chinagona m'dimba, mbuzi zikukwerapo.

Makinawo ndinagula kwa munthu wina wobwera ku Joni. Anandipatsa pamodzi ndi matcheni atatu m'thumba, ndipo zaka zinayi ndinadyera matcheni omwewo. China chikatha mano ndinkachotsapo zidutswa zabwino n'kugamika pa chinzake, mpaka atatu aja anasanduka chimodzi. M'sitolo sindinagulemo tcheni ngakhale kamodzi. Kunola ndinkadziwa, kucheka mowongoka ndinkadziwa, ndipo pa bawo ndinkadzitama nazo mpaka anzanga kutopa. Koma m'mutu mwanga tcheni chinali tcheni basi, monga cha njinga: chikatalika udule, chikafupika uwonjezere.

Bambo anamwalira Lachinayi masana, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwini maliro anali bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemuwo, ndipo anagamula kuti tiika Loweruka kuti mchemwali wanga wa ku Mzuzu afike. Atayamba kukamba za bokosi, amayi anadzutsa mutu pamphasa pamene anakhala.

"Anati mbawa," anatero amayi.

Aliyense m'nyumbamo anatembenukira kwa ine.

Lachisanu kusanache bwino ndinali kale m'dimba ndi kalipentala wa mumpingo mwathu, bambo wofatsa wosakonda zolankhula, ndi adzukulu awiri otithandiza kugubuduza chipika. Namfedwa sagwira ntchito pamaliro, koma makina aja panalibe wina wowadziwa. Ndinachotsa chikungwa cha pamwamba bwinobwino, mtengo n'kuonetsa mkati mwake mofiira mokongola. Ndili pakati pa thabwa loyamba ndinamva phokoso lachitsulo, makina ananjenjemera m'manja, tcheni n'kuduka, kukwapula chipika, zidutswa n'kumwazikira mu udzu. Titasema pamalopo ndi nkhwangwa tinapeza msomali waukulu. Anaukhoma ndi bambo omwewo kalekale pokoleka waya wa mpanda, mtengo n'kuumeza. Mano ambiri anali atathyoka, ndipo chogamikira ndinalibe.

Ndinafuna kuthamangira ku Nsaru, koma bambo aang'ono anakana.

"Iwe ndiwe namfedwa. M'dimba muno takulola chifukwa ndi pakhomo, koma kumsika ayi. Anthu odzapepesa akupeze. Tuma munthu."

Ndinatuma alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, amene ali ndi njinga yamoto. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chopusa kwambiri m'moyo wanga. Ndinatenga chingwe cha khonje, kuchizunguliza pa lupanga la makina, chitsulo chachitali chija chimene tcheni chimayendapo, n'kumanga mfundo pamene chinakumana. Ndi momwe timachitira pogulira mwana nsapato: kuthyola kamtengo kolingana ndi phazi n'kupatsa wopita kumsika. Tcheni choduka chija chinali pomwepo, pamapazi anga. Sindinaganize zowapatsa ngakhale kachidutswa.

Anabwerako cha m'ma leveni ndi tcheni chatsopano, chonyezimira mafuta. Pa lupanga chinazungulira ndendende monga chingwe chija, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma chitafika pa giya, kagudumu ka mano kamene kamachikoka, chinakana. Polumikiza poyamba panakhala bwino, pachiwiri panakwera pang'ono, pachitatu panaima pamwamba pa dzino la giya. Ndinatembenuza, kukoka, kumenya ndi sipanala, koma ayi ndithu.

"Mwini sitolo anandifunsa mafunso atatu, alamu," anatero alamu anga, "ine osayankha ngakhale limodzi. Anati ndibwere ndi makinawo. Ndinamuchonderera kuti ndi zamaliro, angondipatsa cholingana ndi chingwe."

Ndinawakalipira pamaso pa adzukulu, ndi mawu amene mpaka lero sindinawapepese mokwanira. Wolakwa ndinali ine, ndipo ndinkadziwa ndikukalipa.

Ulendo uno sindinapemphe chilolezo. Ndinaika makina onse ndi tcheni choduka m'thumba la feteleza, n'kukwera kumbuyo kwa alamu omwe ndinawatukwanawo. Njira yotulukira m'mudzi imadutsa pakhomo pa bambo. Amayi a mumpingo anali atayala zitenje m'mbali mwa nyumba akuimba, amuna atakhala pansi pa mango, ndipo onse anandiona. Mayi wina sanavutike n'kutsitsa mawu: "Taonani, bambo ake ali chigonere m'nyumba, iye ali ndi makina pamsana." Chimene ndinachithawa zaka ziwiri chinandipezabe, tsiku loipitsitsa.

Pa Nsaru tinapeza sitolo ya zitsulo yotseka. Eni ake ndi banja lachisilamu limene lakhala pamalopo kuyambira ndili mwana, ndipo linali Lachisanu masana, anali kumzikiti. Ndinakhala pakhonde thumba lili pakati pa miyendo, ndikuyang'ana loko wa pachitseko, ndikupsa mtima ndi aliyense: ogulitsa tchipisi, makondakitala oitanira ku Lilongwe, ngakhale bambo anga chifukwa cha msomali wawo.

Itangodutsa thuu koloko mwini sitolo anatulukira, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, atavala mkanjo. Atawaona alamu anadziwa kale nkhani yake.

"Pepani ndi zovuta, bambo," anatero kwa ine. "Aphunzitsi aja anaphunzitsa ana anga onse. Lowani."

Anayala tcheni changa choduka pa kauntala n'kuchiwongola ndi zala. Anandisonyeza mano odula, lina lakumanja lina lakumanzere, ndi kachitunda kamene kamakhala patsogolo pa dzino lililonse kuti lisameze mtengo wambiri nthawi imodzi. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo ndinawauza mwaukali kuti ndikuzidziwa. Iwo sanalabadire. Anachitembenuza tchenicho chagada n'kuloza timiyendo ta pansi, tosongoka, timene timayenda m'kangalande ka m'mphepete mwa lupanga.

"Aliyense amayang'ana mano," anatero. "Koma tcheni chimagwirizana ndi makina pa timiyendo iti. Pali zinthu zitatu, ndipo chingwe chanu sichinanene ngakhale chimodzi."

Choyamba, anati, ndi kutalikirana kwa timisomali tolumikiza. Anaika lula pa timisomali titatu ta tcheni changa, kenako pa titatu ta chimene anagula alamu. Kusiyana kwake kunali kochepa moti ndi maso okha sukanakuona, koma changa chinali choponda patali, chinacho choponda pafupi, ndipo giya amalandira mapondedwe amodzi okha. Chachiwiri ndi kunenepa kwa timiyendo, kuti tilingane ndi kangalande. Chachitatu ndi chiwerengero cha timiyendoto. Zonsezi zimalembedwa pa lupanga, kufupi ndi mabowo a mabauti. Tinayang'ana pa langa, koma utuchi wa zaka zinayi unali utafufuta zonse, panangotsala chitsulo chosalala.

Pansi pa kauntala anali ndi zidutswa zitatu za matcheni zomangidwa pa waya. Anayesa chimodzichimodzi m'kangalande ka lupanga langa. Chonenepa chinakana, chapakati chinakana, chopyapyala chinalowa n'kutsetsereka. Anapumira m'mwamba.

"Lanu ndi lachilendo kuno. Limafuna choponda patali koma cha miyendo yopyapyala. Choponda patali ndili nacho chambiri, koma chonse chonenepa."

Munthu uja anayesetsa, ndisanamize. Anatsitsa lupanga latsopano loyenera tcheni chonenepacho, koma mabowo ake sanakumane ndi mabauti a makina anga, ndipo kabowo kolowera oyilo kanagwera pambali. Anayang'ananso choduka chija ngati chingalumikizike, n'kupeza timisomali tonse tikugwedera, zigamba zokhazokha. Anaimbira foni mphwake amene ali ndi sitolo mumzinda. Yankho linali loti mtundu umenewo alibe, aufunafuna, mwina Lolemba.

"Ndipatseni chonenepacho ndi tupa," ndinatero. "Ndikapala timiyendoto mpaka tilowe."

"Musatero, bambo. Timiyendo 84, mbali ziwiriziwiri, chitsulo cholimba chonchi. Dzanja la munthu silingatilinganize. Tina tidzathina, tina tidzagwedera, ndipo mudzaononga mtengowo. Gulani bokosi, aphunzitsi agone."

Ndinawayankha mwaukali.

"Inu anthu anu mumaika m'nsalu. Za bokosi mungadziwepo chiyani?"

Alamu anayang'ana pansi. Mkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya.

"Zoona, za bokosi sindidziwa," anatero. "Koma za tcheni ndikudziwa."

Anawerenga timiyendo pa mpukutu wake, kudula, kulumikiza ndi timisomali tatsopano, n'kundipatsa pamodzi ndi tupa wafulati. Mano ake anali a ngodya yakuthwa, oyenera kugwetsera mitengo, ndiye anandikumbutsa kuti pocheka motsata mtengo ndiwanole chopingasa pang'ono, osati mopendeka kwambiri. Ndinatuluka osathokoza.

Ndinakakhala kuseri kwa khola la mbuzi, kumene odzapepesa sakanandiona. Ndinakhomera tcheni pa chitsa ndi misomali iwiri yopinda n'kuyamba kupala, kamwendo kamodzi mbali iyi, mbali inayo, kuyesa m'kangalande, kupalanso. Tupa ankangotsetsereka pachitsulopo. Pofika kamwendo ka khumi zala zinali zitatuluka matuza, pofika ka makumi atatu matuza anali ataphulika. Kunyumba nyimbo zinkapitirira. Mchemwali wanga anafika dzuwa litapendeka, ndinamva kulira kwake kuchokera kumsewu, ndipo sindinadzuke kukamulandira. Mphepo ikatembenuka inkabweretsa fungo la mafuta onunkhira amene amayi a mumpingo ankawaza m'nyumba ya siwa, ndi fungo lina pansi pake limene mafutawo ankalephera kulibisa. Ndinkalidziwa fungolo, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bambo anga. Ndinapala mpaka mdima unandiletsa, n'kudzamaliza totsalato Loweruka mbandakucha.

Tcheni chinalowa. Chinkayenda monyinyirika, pena kuthina pena kumasuka, koma chinalowa. Ndinaliza makina, kalipentala atagwira chingwe cha mzere, ndipo kutalika kwa mkono umodzi lupanga linayenda mowongoka, utuchi wofiira ukugwa bwino. Ndinayamba kupemphera mokweza, ine amene ndinali ndisanapemphere chimwalirire bambo.

Kenako utsi unayamba. Timiyendo tothina tinkakhuza kangalande mpaka lupanga linatentha losagwirika, ndipo timene ndinapala mopitirira tinkagona chammbali, mano n'kumaluma mokhota. Mzere unathawa chingwe. Ndinakankha kubwezera, unathawira mbali inayo. Thabwa loyamba linatuluka lonenepa ngati njerwa kumutu, kumapeto kwake lopyapyala loti ukanalithyola ndi manja. Pa lachiwiri tcheni chinavuka kawiri. Kachitatu chinakanirira mkati mwa mtengo, makina n'kuzima, ndipo tinachita kuchitulutsa ndi mphano.

Kalipentala anayendetsa tepi yake pa matabwa awiriwo. Pa lililonse panali chigawo chabwino chosapitirira mkono. Anapinda tepi n'kuiika m'thumba.

Bambo aang'ono anafika m'dimbamo cha m'ma naini. Sanayang'ane n'komwe matabwawo.

"Basi, mwana wanga. Munthu uja sangadikirenso, fungo lafika pabwalo. Bokosi tinaitanitsa dzulo madzulo, lafika."

Anali ataona kale kuti ndilephera, ndipo sanandiuze. Ndinafuna kukwiya koma mphamvu zinali zitatha.

Bokosilo linali la paini wopyapyala, lopakidwa vanishi wonyezimira, lalitali kuposa onse amene anawapeza pamsika. Akuluakulu atatu analilowetsa m'nyumba, ndipo patapita kanthawi mmodzi anatuluka n'kunong'oneza bambo aang'ono. Sindinafunike kumva. Linaperewera pafupifupi chikhatho ndi theka. Mkulu uja atabwerera kuti akatseke chitseko, anandipeza nditaima pakhomo, manja ali magazi ndi oyilo.

"Musawapinde," ndinatero. "Chonde, musawapinde."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa mudzi wonse, kulira kwa mwana wamng'ono. Panalibe amene ankadziwa chochita nane. Amene anayankhula ndi kalipentala uja, mawu ake oyamba tsiku limenelo.

"Tulutsani bokosilo. Wina akatenge matabwa aja kudimba."

Anagumula thabwa la kumapazi. Pa zigawo ziwiri zabwino zija anadula tizidutswa ta pansi, ta m'mbali ndi ta pachivundikiro, n'kutilumikiza ndi timitengo tokhomera mkati, kenako anabwezera thabwa la kumapazi kumapeto. Nthawi yopala panalibe. Ntchitoyo inatenga ola lathunthu, abusa atafika kale, nyimbo zikubwerezedwa, hamala ikumveka pakati pa mavesi. Litatha, bokosi linali lonyezimira kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, ndipo kumapazi kunali chigamba chofiira, chokhakhala, chooneka mizere yokhotakhota ya tcheni changa. Nsalu yophimbira sinafike pamenepo. Bambo anagonamo chowongoka.

Pa nthawi yoona nkhope, amayi anga anadzutsidwa ndi azimayi awiri owagwira m'mikono. Anaima kumutu pang'ono, kenako anawakoka owagwirawo n'kutsika nalo bokosi mpaka kumapazi. Anaika dzanja pa chigamba chija, n'kuchisisita ndi chala. Ine ndinali nditaima pomwepo.

"Mbawa yawo ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, moti anamva ndi ine ndi azimayi awiri aja basi.

"Anakupatsa zaka ziwiri."

Tcheni choyenera chinafika Lachiwiri. Mwini sitolo anapatsira alamu, chitakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo pa pepalalo analembapo manambala atatu kuti ndisunge. Ndinachiika pa lupanga, timiyendo tonse n'kulowa mwakachetechete, giya n'kuchilandira, moti ndinkachizunguza ndi chala chimodzi. Patatha mwezi ndinapita kudimba ndekha. Chipika chotsalacho chinandipatsa matabwa khumi ndi anayi, aatali, owongoka, dzuwa lisanafike pamutu. Anthu ankadutsa m'njira akumva makina akulira, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anaima kapena kunenapo kanthu. Ndinawasanja pamthunzi kuti aume, n'kukawauza amayi kuti ndacheka. Sanabwere kudzawaona.